Kodi mwana wanga wa otizimu ndizimusiya pakhomo mpaka atasintha?

Funso: Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4 ndipo chaka chatha madokotala anamupeza ndi otizimu (kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena, kamene kamakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu). Amalankhula mawu ochepa chabe. Tikapita naye kumsika kapena kumapemphero amatseka makutu, kukuwa, n'kudziponya pansi, ndipo anthu amandiyang'ana ngati sindidziwa kulera. Kunyumba amangokhala pakona n'kumandandalika zitsekerero za mabotolo. Bambo ake akuti tizimusiya pakhomo kufikira atayamba kumva zonena, ndipo ine ndatopa moti ndatsala pang'ono kuvomera. Kodi ndi bwino kudikira?

Yankho: Mayi, kutopa kwanuko n'komveka, ndipo bambo a mwana sakunena zimenezi chifukwa chouma mtima. Akufuna kukupepuzani inuyo ndi kumuteteza mwanayo ku maso a anthu. Komabe yankho langa ndi lakuti musadikire. Tsiku limene akuliyembekezeralo, loti mwana adzangodzuka atakonzeka kukhala pakati pa anthu, silidzafika lokha. Ana ambiri a otizimu amavutika kutenga chimene aphunzira pamalo amodzi n'kukachigwiritsa ntchito pamalo ena. Mwana atha kudziwa bwinobwino kudikira m'chipinda cha katswiri, pa tebulo lomwelija ndi munthu yemweuja, koma mukaima naye pamzere m'sitolo n'kukhala ngati sanaphunzirepo kalikonse. Zakumsika amaziphunzirira kumsika komweko, zapachakudya amaziphunzirira pamene banja lanu limadyera. Mukamutsekera m'nyumba zaka ziwiri, mudzatuluka ndi mwana wolemera, wovuta kumunyamula akadziponya pansi, amene kunja kwamusandukira kwachilendo kuposa kale.

Sindikunenanso kuti mupitirize mmene mwakhala mukuchitiramu, kumukokera kulikonse n'kumapirira kukuwa mpaka mapeto. Nazonso zimamuphunzitsa kanthu: kuti kunja n'kowawa ndipo palibe womuchotsako.

Mu 2001 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa ndondomeko yofotokozera ulumali yotchedwa ICF, ndipo mu 2007 linatulutsa ina yokhudza ana. Mfundo yake ndi imene timaimapo pa ntchito yathu yothandiza ana ngati wanuyu mpaka lero: chimene chimalepheretsa munthu kuchita nawo zinthu si thupi lake lokha, komanso malo, phokoso, zipangizo ndi maganizo a anthu omuzungulira. Ubongo wa mwana wanu simungausinthe sabata ino, koma ola lopitira kumsika mungalisinthe mawa lomwe. N'chifukwa chake pa chochitika chilichonse ndimafunsa makolo mafunso awiri osiyana: kodi mwana analipo, nanga kodi anachita nawo? Mwana amene wakhala maola awiri m'mapemphero atapanikizidwa pamiyendo panu analipo ndithu, koma sanachite nawo kalikonse. Mwana amene walowa mphindi 5, waomba m'manja pa nyimbo imene amaikonda, n'kutuluka ali bwinobwino, ameneyo wachita nawo. Ine ndimasankha chachiwirichi, ngakhale ena angaone ngati mwangovutika kuvala pachabe.

Kutseka makutu kuja kukukuuzani zambiri. Buku limene madokotala ambiri amatsatira poyeza otizimu, DSM-5, la mu 2013, linaika kumva zinthu mosiyana ndi anthu ena pa mndandanda wa zizindikiro zake. Inu mukalowa mumsika ubongo wanu umasefa: mumamva wogulitsa amene mukukambirana naye, zinazo zimangomveka chapatali. Kwa mwana wanu n'kutheka kuti zonse zimalowa nthawi imodzi ndiponso mwamphamvu mofanana: hutala ya galimoto, chimkuzamawu, fungo, anthu omukhudza podutsa, ngakhale kansalu kakukhosi kwa malaya kakumukanda. Ikafika poti sangathenso, thupi limangochita zake.

Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimaoneka ngati chimodzi. Mwana wolirira switi amakuyang'anani chamseri kuti aone ngati mukugonja, ndipo mukamupatsa amatonthola pomwepo. Mwana amene zamukulira sayang'ana munthu, ndipo ngakhale mumupatse chinthu chimene amachikonda kwambiri amachikankhira kutali. Ana a otizimu amachitanso makani ngati ana ena onse, ndipo makani amafuna malire. Koma zikakhala kuti zamukulira, kumukalipira kapena kumumenya n'kungowonjezera phokoso ndi ululu pa zimene zamulaka kale. Chepetsani mawu, muchotseni pamalopo, onetsetsani kuti sakuvulala, ndipo dikirani. Zophunzitsa zisiyeni, mudzaphunzitsa mtima wake ukakhala pansi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho kwa masabata awiri khalani ndi kabuku. Nthawi iliyonse zikavuta lembani ola, malo, chimene chinachitika mphindi zochepa asanayambe, mmene anagonera usiku ndi nthawi imene anadya. Makolo ambiri amanena kuti mwana amangoyamba mwadzidzidzi, koma akayamba kulemba amapeza kuti pamakhala zizindikiro: amayamba kung'ung'udza, kuyendayenda, kukukokani dzanja, kuluma kolala ya malaya. Zimenezo ndiye chenjezo lanu loti nthawi yochoka yakwana. Kabukuko kangakuonetseninso matenda obisika. Mwana wosatha kufotokoza akamamva dzino, khutu kapena akadzimbidwa, zimaonekera m'khalidwe, ndipo kudzimbidwa n'kofala kwambiri mwa ana amenewa, makamaka odya zakudya za mitundu yochepa. Ana a otizimu oposa theka amavutikanso ndi tulo. Mwana amene wagona maola 5 musamuyese ndi ulendo wa kumsika tsiku limenelo.

Tsopano za pakona paja. Zitsekerero za mabotolozo musazitaye ndipo musazibise. Ndi khomo lanu lolowera. Pezani zanu zingapo, khalani pansi moyang'anizana naye kuti nkhope yanu ikhale pa msinkhu wa maso ake, n'kuyamba kundandalika zanu mmene iye akuchitira. Osamufunsa kuti ichi n'chamtundu wanji, osamuuza kuti awerenge. Ingotsanzirani. Akaika chofiira, inunso ikani chofiira n'kunena mawu amodzi okha, "chofiira." Tsiku loyamba mwina adzakufulatirani kapena kukulandani zonse. Palibe vuto. Tsiku lina mudzaona akusuzumira mzere wanu. Zikatero gwirani chitsekerero chimodzi m'dzanja pafupi ndi nkhope yanu, ndipo khalani chete n'kuwerenga mpaka 10 chamumtima. Kudikira kumeneku n'kumene kumavuta akuluakulu, timathamangira kulankhula. Akatambasula dzanja, akakuyang'anani ngakhale kamphindi, kapena akatulutsa kamawu kalikonse, mupatseni msanga. Pamenepo wakupemphani chinthu ndipo mwamuyankha, ndipo kukambirana konse kwa anthu kumayambira pomwepo.

Zimenezi si nzeru zongopeka. Ku Britain kunachitika kafukufuku wotchedwa PACT, wotsogoleredwa ndi Jonathan Green, pa ana 152 a zaka 2 mpaka 4. Akatswiri sankaphunzitsa anawo mwachindunji. Ankajambula kholo likusewera ndi mwana, kenako n'kuonera nalo limodzi kanemayo kuti lizindikire tizizindikiro ting'onoting'ono timene mwana anapereka koma sitinayankhidwe. Makolo ankayeserera kunyumba pafupifupi theka la ola patsiku. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2010, ndipo mu 2016, patapita zaka pafupifupi 6 chithandizocho chitatha, anapeza kuti ana a makolo ophunzitsidwawo anali ndi zizindikiro zocheperako ndipo ankayambitsa okha kulumikizana ndi makolo awo kawirikawiri kuposa anzawo. Otizimu sinathe, ndipo pa mayeso a chilankhulo magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni. Ndikutchula zimenezi kuti musayembekezere zozizwitsa, komanso kuti mudziwe kuti theka la ola limene mungakhale naye pansi si nthawi yotaya.

Kuchoka pa masewera, mulowetseni m'ntchito za pakhomo. Mwana wokonda kundandalika ndi kusanja zinthu ali kale ndi luso limene nyumba iliyonse imalifuna. Angathe kukupatsirani mapegi limodzilimodzi mukamayanika zovala, kusanja masokosi awiriawiri, kuika supuni pamalo pa munthu aliyense nthawi ya chakudya, kuthirira maluwa ndi kakapu kake. Sankhani ntchito imodzi yokhala ndi poyambira ndi pothera pooneka ndi maso: mapegi akatha m'chitini, ntchito yatha. Izichitika nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Inde, muchedwa, ndipo masokosi ena asanjidwa molakwika. Musawakonze iye akuona.

Pa kuvala ndi kusamba m'manja, yambani kumuphunzitsa kuchokera kumapeto. Muvekeni kabudula mpaka atangotsala pang'ono kufika m'chiuno, ndipo iye akoke kotsalako. Akazolowera, musiyireni m'mawondo, kenako m'mapazi, mpaka azidzalowetsa yekha miyendo. Ubwino wake ndi wakuti nthawi zonse womaliza ntchito ndi iyeyo, ndipo amaona kuti zatheka. Mukayambira koyambirira, amalephera pa sitepe yoyamba inu n'kumalizitsa, ndiye chimene amaphunzira n'chakuti kuvala ndi ntchito ya amayi. Pa chakudya, cholinga choyamba ndi chakuti akhale pamodzi ndi banja, ngakhale mphindi zitatu, akudya chimene anachizolowera. Chakudya chatsopano chiikeni pambali pang'ono chabe, osamukakamiza. Kuchiona, kuchinunkhiza ndi kuchigwira ndi masitepe enieni opita kukuchilawa. Kumupanira chakudya m'kamwa kumangochititsa kuti ayambe kuopa nthawi ya chakudya yomweyo.

Mawu amauluka, chithunzi chimakhala. Jambulani pafoni zinthu zenizeni za moyo wake: beseni lake, nsapato zake, khomo la sitolo imene mumapitako, pakhomo panu. Ngati sanayambe kumvetsa zithunzi, gwiritsani ntchito chinthu chenichenicho: thaulo likutanthauza kusamba, chikwama chogulira zinthu chikutanthauza ulendo. Muonetseni ziwiri zokha poyamba, ichi kenako ichi: "sitolo, kenako kunyumba." Njira yoti mwana azipereka chithunzi pofuna chinthu, yotchedwa PECS, anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost ku Delaware, ku America, mu 1985. Makolo ambiri amaopa kuti mwana akazolowera zithunzi kapena zizindikiro za manja adzachita ulesi wolankhula. Kafukufuku sanapeze zotero. Mwa ana ambiri mawu amawonjezekako pang'ono m'malo mochepa. Ndipo pali chithunzi chimodzi chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse kwa mwana ngati wanu: chotanthauza "ndatopa, tichoke." Akakuonetsani chimenecho, chokanidi, makamaka m'miyezi yoyambirira. Mwana akadziwa kuti pali njira yotulukira imene imagwira ntchito, safunikanso kukuwa kuti atuluke, ndipo nthawi zambiri amayamba kukhalitsa.

Ulendo woyamba wa kusitolo ukhale wophunzitsa, osati wogula zinthu za mwezi wonse. Zogula zenizenizo kaguleni nokha tsiku lina. Sankhani kasitolo kakang'ono, pa ola limene kulibe anthu ambiri, iye atagona bwino ndiponso atadya. Musananyamuke muonetseni zithunzi ziwiri zija. Mupatseni ntchito: atenge sopo mmodzi pa shelefu, amunyamule mpaka polipirira, apereke ndalama, anyamule kathumba. Mwana amene manja ake ali ndi chochita savutika ngati amene akungokokedwa. Zonsezi zitenge mphindi 5 kapena kucheperapo, ndipo tulukani zinthu zikadali bwino. Apa mpamene makolo ambiri amakodwa: akaona kuti lero wakhala bata amati tiyeni tilowenso umu, ndiye ulendo umene ukanathera pabwino umathera pansi. Bwerezani ulendo womwewo, sitolo yomweyo, njira yomweyo, kufikira utamutopetsa. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha: zogula ziwiri m'malo mwa chimodzi, kapena ola lina, kapena apite ndi bambo ake. Msika waukulu ubwere pamapeto, ndipo muyambire m'mphepete mwake. Zotchinga m'makutu zochepetsa phokoso kapena chipewa chofika m'makutu zimathandiza ana ambiri. Muyeseni kunyumba kaye.

Nawo eni malo angathe kusintha. Mu 2018 masitolo a Morrisons ku Britain anayamba kukhala ndi ola labata Loweruka lililonse m'mawa, pamene amathimitsa nyimbo, kuchepetsa magetsi ndi kutsitsa kulira kwa makina olipirira. Simukufunika kudikira kampani yaikulu. Wogulitsa mmodzi amene mwamufotokozera, wodziwa kuti mwanayu sayankha moni ndipo safuna kugwidwa pamutu, ndi wokwanira poyambira. Chimodzimodzi kumapemphero: pitani naye kukaona malowo tsiku limene kulibe anthu, ayendemo, agwire mipando. Lankhulani ndi atsogoleri, pemphani malo apafupi ndi khomo komanso kutali ndi chimkuzamawu. Mulowe pa gawo limodzi limene angalikonde, mutuluke, sabata yamawa muwonjezere pang'ono. Kubwalo la masewera pitani molawirira ana asanachuluke, ndipo mukafuna kuti azolowere anzake yambani ndi mwana mmodzi wofatsa, pa masewera osafuna mawu monga kuthamangitsana, kukankhirana mpira kapena kuphulitsa thovu la sopo. Akamasewera pambali pa mnzake osati naye, musadandaule. Pa msinkhu wakewu kumeneko n'kuyamba kale.

Mukakhala pagulu mudzaona akukupiza manja, kudzigwedeza kapena kubwerezabwereza mawu amodzi. Ngati sakudzipweteka kapena kupweteka wina, musiyeni. Akuluakulu ambiri a otizimu amafotokoza kuti zimenezi ndi zimene zimawakhazika mtima pansi phokoso likachuluka, choncho mukamuletsa chifukwa cha manyazi mwamulanda chida chimene chikanamuthandiza kukhalitsa pamalopo. Musamugwirenso chibwano kuti akuyang'aneni m'maso. Ambiri amamva bwino zimene mukunena akamayang'ana kumbali. Ndipo zitsekerero ziwiri kapena zitatu zizikhala m'thumba mwake paulendo uliwonse.

Za maso a anthu ndilibe mankhwala ake, koma konzekeranitu chiganizo chimodzi chachifupi kuti musamasowe chonena: "Ali ndi otizimu, phokoso lamukulira, tipatseni mpata." Mukatero bwererani kwa mwana, simuli pa mlandu woti mudziteteze. Kuyambira pamene dokotala Leo Kanner anafotokoza za otizimu mwa ana 11 mu 1943, panapita zaka zambiri akatswiri ena akuloza chala amayi kuti ndi osakonda ana awo. Maganizo amenewo anatsutsidwa kalekale. Otizimu ndi kakulidwe ka ubongo kamene kamayendera kwambiri chibadwa. Sibwera chifukwa cha kulera molekerera, temberero kapena katemera. Kafukufuku wa mu 1998 amene ananamizira katemera anachotsedwa mu 2010 m'magazini imene inamusindikiza. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri pa dziko lonse ndi pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse. Kuti enawo simuwaona mumsewu, mbali ina n'chifukwa chakuti makolo awo anasankha zimene bambo a mwana wanu akuganizazi.

Chinthu chimodzi chokha ndicho ndikufuna muchiope ndithu: kuthawa. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2012, wa ana a otizimu oposa 1,200, anapeza kuti 49 pa 100 alionse anayesapo kuchoka pamalo otetezeka atakwanitsa zaka 4, ndipo ngozi zazikulu zinali magalimoto ndi madzi. Ana ambiri a otizimu amakopeka ndi madzi ndipo sayankha akamaitanidwa dzina. Mukakhala pagulu, munthu mmodzi wotchulidwa dzina ndiye akhale womuyang'anira, chifukwa pamene aliyense akuganiza kuti wina akumuona mpamene mwana amasowa. Ikani nambala ya foni yanu pa chibangili kapena m'kati mwa malaya ake, vindikirani migolo ya madzi, ikani loko pamwamba pa chitseko, dziwitsani anansi, ndipo akangosowa yambani kufufuza kumene kuli madzi. Ngati pali mwayi woti aphunzire kusambira, musauphonye.

Bambo ake musawatsutse ndi mawu ambiri, apatseni gawo. Pali chimene akunena choona: si chochitika chilichonse chimene mwanayu ayenera kupitako. Phwando la tsiku lonse la nyimbo zaphokoso angathe kuliphonya popanda kutaya kanthu, ndipo inunso muli ndi ufulu wopita kwina nokha n'kukapuma. Khalani pansi nonse awiri musankhe zochitika zitatu zimene banja lanu limaziona kuti n'zofunika, chimodzi cha m'nyumba ndi ziwiri zakunja, ndipo chimodzi mwa izo chikhale cha bambo ndi mwana wawo, mwina kuyenda madzulo njira yomweyomweyo mpaka pamalo akutiakuti n'kubwerera. Ngati pali abale ake, azisewera naye koma asasanduke omulera. Nawonso amafuna nthawi yawoyawo ndi inu.

Bungwe la WHO, mogwirizana ndi bungwe loona za otizimu la Autism Speaks, linakonza maphunziro a makolo otchedwa Caregiver Skills Training, amene anatulutsidwa mu 2022. Ndi a mabanja a ana a zaka 2 mpaka 9, amakhala ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo atatu a mphunzitsi kunyumba, ndipo zonse zimakhazikika pa masewera ndi ntchito za pakhomo ngati zimene ndafotokozazi. Aliponso a pa intaneti oti kholo liziphunzira palokha. Funsani kuchipatala chimene mumapitako ngati amachititsa amenewa kapena ena ofanana nawo. Mukapitanso kwa katswiri, tengani kabuku kanu kaja, muuzeni zochitika zitatu zimene mwasankha, ndipo muonetseni kanema wamfupi wa pafoni wa nthawi ya chakudya kapena ya kuvala kuti malangizo ake akhale a nyumba yanu. Pemphaninso kuti amuyeze makutu ngati sanayezedwepo. Koma mukaona akudzimenyetsa mutu, akuiwala mawu kapena maluso amene anali nawo, kapena akumangoti duu kwa timphindi osayankha ngakhale mumugwire, pitani kwa dokotala osadikira tsiku limene anakupatsani, chifukwa khunyu limapezeka kawirikawiri mwa ana a otizimu kuposa mwa ana ena.